Caro: "khofi wa ana" amene takhala naye miyezi 4

Mwana wathu wamkazi, wa zaka 5, anandibera khofi Loweruka lina chakumadzulo. Ndinasiya kapu pampando n'kupita kukayankha foni, ndipo pobwerera ndinapeza yatsala theka. Mwiniwake wa mlanduwo anali ataima pakhomo, milomo ili bii, nkhope itakwinyika ngati walawa ndulu, koma akulimbikira kuti, "Adadi, ndi wokoma." Usiku umenewo anaimba nyimbo zonse zimene anaphunzira kusukulu ya mkaka, anapempha madzi katatu, anafunsa chifukwa chake mwezi ukutitsatira, ndipo tulo tinamupeza cha m'ma 1 koloko. Mayi ake sanandikalipire. Anangondiyang'ana mumdimamo n'kunena kuti nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu, kenaka anatembenukira kukhoma.

Ndinkaganiza kuti kuwawa kuja kumuphunzitsa, koma ayi ndithu. Kutacha anabwera ndi kapu yake yapulasitiki, n'kuiika pambali pa yanga, n'kukhala pampando atapingasa miyendo monga ndimachitira ine. Make mbuu, mwana mbuu. Kungoti pano mbuu anali bambo.

Musanandiweruze, mvetserani zimene tinayesa tisanafike pa chitini chimene ndikufuna kukuuzanichi, cha Caro, chakumwa cha mbewu zokazinga chooneka ngati khofi. Tinayamba ndi kukaniza basi, kumuuza kuti khofi ndi wa akuluakulu. Zinatheka masiku awiri, ndipo tsiku lachitatu ndinamupeza akunyambita supuni imene ndinatakasira. Tinamupatsa mkaka wofunda m'kapu yofanana ndi yanga, iye anasuzumiramo n'kunena kuti, "Wa adadi ndi wakuda." Tinaganiza za tiyi, koma tiyi nayenso ali ndi kafeini, chinthu cha mu khofi chimene chimaletsa tulo, wocheperapo poyerekeza ndi khofi koma alimo. Khofi wochotsedwa kafeini uja ndinamuganizira kwambiri, mpaka ndinazindikira kuti sachotsedwa yense, kapu iliyonse imatsalabe ndi mamiligalamu angapo, komanso kakomedwe kake ndi ka khofi weniweni, ndiye ndikanakhala ndikumuzoloweza lilime ndi manja angawa. Koko anamukonda kwambiri, mopitirira muyeso, koma anadziwa kuti si zimene ine ndikumwa, ndipo ufa wambiri wa chokoleti wosungunula mumkaka ndi shuga wokhawokha.

Masamu amene anandiopsa ndi awa. Bungwe loona za chitetezo cha zakudya ku Ulaya, EFSA, linanena mu 2015 kuti kwa ana ndi achinyamata, kafeini wosapitirira mamiligalamu 3 pa kilogalamu iliyonse ya thupi patsiku ndiye sapereka nkhawa. A zaumoyo a boma la Canada amatsitsa mpaka mamiligalamu 2.5. Mwana wathu amalemera makilogalamu 18, kutanthauza kuti malire ake ali pakati pa mamiligalamu 45 ndi 54 tsiku lonse. Kapu imodzi ya khofi wofulula bwino imakhala ndi mamiligalamu pafupifupi 80 mpaka 100, ndipo ine wanga ndimamupanga wamphamvu. Theka la kapu limene anamwa lija linali kale pamalire penipeni, nthawi imodzi, dzuwa litapendeka. Kafeini amagwira ntchito potsekereza adenosine, chinthu chimene chimachuluka mu ubongo tsiku likamapita n'kumauza thupi kuti latopa, ndipo kwa munthu wamkulu pamatenga maola pafupifupi 5 kuti theka lokha la kafeiniyo lichoke m'magazi. Ndiye nyimbo za pakati pa usiku zija sizinali mwano. Mwanayo anali atatopa koma thupi lake silinkamva uthengawo.

Amene anatiuza za Caro ndi mnzawo wa mayi a kunyumba, amene anakhalapo zaka zingapo ku Germany. Anaseka nkhani yathu n'kunena kuti kumeneko vutoli analithetsa kalekale, ana amakula akumwa "khofi wa ana" wopangidwa kuchokera ku mbewu. Koma ndisanamupeze Caro weniweniyo ndinalakwitsa, ndipo kulakwitsa kwangako ndi chenjezo loyamba kwa aliyense wofuna kuyesa. Ndinapita kukagula ndili ndi liwu limodzi m'mutu, chicory, dzina la chomera chimene muzu wake amaukazinga kuti ulowe m'malo mwa khofi. Ndinaona chitini china cholembedwa liwulo ndi zilembo zikuluzikulu, ndinachitenga osawerenga kumbuyo. Mayi a kunyumba ndi amene anachitembenuza n'kundiwerengera mokweza, pang'onopang'ono, monga amawerengera mwana wa sitandade 1: khofi wosungunuka, chicory, ndi zina. Zitini zambiri zolembedwa chicory ndi khofi weniweni wosakaniza ndi muzuwo kuti atsike mtengo kapena afewe kakomedwe. Kafeini alimo. Chitini chimenecho ndinamaliza ndine ndekha kuntchito.

Caro mulibe khofi ngakhale njere imodzi. Pachitini palembedwa zinthu 4 zokha: balere, chimera cha balere, chicory ndi rye, mbewu yofanana ndi tirigu imene imalimidwa kwambiri kumaiko ozizira. Zonsezi amazikazinga, amaziphika kuti zituluke msuzi, kenaka amaumitsa msuziwo mpaka usanduke ufa wosungunuka m'madzi. Anayamba kugulitsidwa ku Germany mu 1954, pano ndi wa kampani ya Nestlé, ndipo ku America amamudziwa ndi dzina lakuti Pero. Sali yekha m'banja lake. Ku Poland kuli Inka, amene amawonjezera mizu ya beet yopangira shuga. Ku Italy m'malo omwera khofi mungathe kuitanitsa caffè d'orzo, wa balere yekhayekha. Ku America kuli Postum, amene C. W. Post anayamba kupanga mu 1895 ku Battle Creek kuchokera ku tirigu ndi manyuchi a nzimbe, ndipo ankamutsatsa poopseza anthu kuti khofi amawononga mitsempha.

Ndipatukeko pang'ono, chifukwa mbiri ya zakumwa zimenezi inandisangalatsa kuposa mmene ndinkayembekezera. Sizinapangidwire ana. Zinabadwa chifukwa cha kusowa. Mfumu Frederick Wamkulu ya ku Prussia inkadana ndi kuona ndalama za dziko zikutuluka kukagula khofi kunja, ndipo mu 1781 inalamula kuti kukazinga khofi kukhale m'manja mwa boma. Inalemba ntchito asilikali opuma kuti aziyendayenda m'misewu akununkhiza, kusaka nyumba imene ikukazinga khofi mobisa. Tangoganizani, munthu kulandira malipiro chifukwa cha mphuno. Anthu wamba anatembenukira ku muzu wa chicory. Kenaka mu 1806 Napoleon anatseka malonda pakati pa Ulaya ndi Britain, khofi anasowa, ndipo Afalansa anazolowera chicory mpaka ena sanamusiyenso ngakhale khofi atabwerera. Nkhondo ziwiri zikuluzikulu za dziko lonse zija zinachitanso chimodzimodzi. Ndiye chimene mwana wanga amamwa monyadira m'mawa ndi chakumwa cha anthu amene ankalakalaka khofi koma osamupeza. Ndikaganiza bwino, nayenso ndi mmodzi wa iwo.

Tsopano za chinthucho. Mukatsegula chitini mumapeza ufa wopepuka wabulauni, wotuwirako poyerekeza ndi khofi wosungunuka. Fungo lake silikunamizani kuti ndi khofi. Limanunkhira ngati khoko la buledi wopsa bwino, ndi kafungo kena kotsekemera ka chimera kumbuyo kwake. Mukathira madzi otentha amasungunuka msanga, osasiya nsenga pansi, ndipo mtundu wake ndiye umagwira ntchito yonse: wakuda bii, ndi kathovu kopyapyala pamwamba. Kapu yanga ndi ya mwana zikakhala pamodzi patebulo, simungasiyanitse ndi maso. Chifukwa chake n'chakuti mbewu iliyonse ikakazingidwa, shuga wake wachilengedwe ndi mapuloteni zimasintha n'kupanga mtundu wabulauni ndi fungo lokoma lija, zomwezo zimene zimachitika ndi njere za khofi kapena nyama yowotcha. Katswiri wa ku France, Louis-Camille Maillard, ndi amene anafotokoza zimenezi mu 1912.

Kukoma kwake ndikuuzani monga munthu amene wamwa khofi zaka zoposa 20. Ndi wofatsa. Kuwawa kulipo pang'ono, kochokera ku chicory, koma kumabwera n'kupita, sikukakamira kukhosi. Kulibe kuwawasa kuja kumene khofi wabwino amakhala nako, kulibenso kulemera kuja kumene kumakudzaza m'kamwa. Ndi madzi okha amamveka wopyapyala, ngati munthu amene wavala suti ya mkulu wake. Koma mukathira mkaka amasintha kwambiri. Chimera chija chimadzuka, chakumwacho chimakhala chonona ndi chotsekemera pachokha. Ndinganene mosabisa kuti Caro anapangidwira mkaka, ndipo amene amamunyoza ambiri anamuyesa ndi madzi okha akuyembekeza khofi.

Kapangidwe kathu kanakhazikika patapita sabata ziwiri za kuyesayesa. Supuni yaing'ono imodzi, yosadzaza, m'kapu yaing'ono. Madzi otentha pang'ono ongosungunulira ufawo, mwina masupuni aakulu atatu. Kenaka mkaka wofunda mpaka kudzaza. Vuto linabuka pomwepo: mkaka ukachuluka chakumwacho chimayera, ndipo mwini wake amadandaula kuti si cha adadi. Ndinachita kusintha ine. Tsopano m'mawa ndimathira mkaka mu khofi wanga, chinthu chimene kale ndinkati ndi kuwononga khofi, kuti makapu athu afanane. Mayi ake amaseka kuti sakudziwanso amene akutsanzira mnzake ndani.

Thovu ndiye linamaliza nkhani. Ngati mulibe makina, thirani mkaka wofunda m'botolo lagalasi lokhala ndi chivindikiro cholimba, osadzaza, n'kukhutchumula mwamphamvu kwa theka la mphindi. Limatuluka thovu lokwanira kuika pamwamba ndi supuni. Mwana amamwa n'kutsala ndi ndevu zoyera pamlomo, ndipo amakana kuzipukuta mpaka aliyense m'nyumba ataziona. Kutentha kwake ndimayesa padzanja langa kaye monga tinkachitira ndi botolo la mkaka ali wakhanda. Izi sindiseka nazo. Khungu la mwana ndi lopyapyala, ndipo zakumwa zotentha ndi zimene zimawotcha ana aang'ono kawirikawiri m'nyumba. Chikhale chofunda, osati chotentha, ndipo azimwa atakhala pansi.

Mchimwene wake, wa zaka 9, analawa kamodzi n'kukankha kapu. Anati, "Uyu ndi khofi wabodza," ndipo anayesetsa kuti mlongo wake amve. Ndinaganiza kuti zonse zagwa. Koma mtsikanayo anangomuyang'ana n'kunena kuti, "Ndi khofi wanga," basi n'kupitiriza kumwa. Ife sitinamunamizepo. Kuyambira tsiku loyamba tinamuuza kuti wa adadi uli ndi mankhwala oletsa tulo amene ndi amphamvu kwa ana, ndipo uyu ndi wa mbewu, wopangira anthu a msinkhu wake. Ndikulangiza kholo lililonse kuchita chimodzimodzi, osati chifukwa cha chilungamo chokha, koma chifukwa mwana amene akukhulupirira kuti amamwa khofi weniweni kunyumba adzalandira kapu ya khofi weniweni kwa alendo osakayika. Wathuyu akapatsidwa chakumwa chakuda kwina amafunsa kaye kuti, "Ndi wa ana?" Funso limenelo ndimalikonda kuposa chitini chenichenicho. Za mnyamatayo, zinandionetsa kuti chinthuchi chili ndi msinkhu wake. Mwana wa zaka 4 mpaka 7, amene akusewerabe masewera otsanzira akuluakulu, amachilandira ndi manja awiri. Wamkulupo safuna chofanizira, amafuna chenichenicho kapena ayi, ndipo ameneyo nkhani yake ndi ina.

Agogo awo, mayi anga, atabwera kudzacheza sanasangalale. Anaona mdzukulu wawo atagwira kapu ndi manja awiri, akuuzira nthunzi imene panalibe, ndipo anandiitanira pambali. "Mwanawe, ukumuphunzitsa chiyani mwanayu? Lero ndi wabodza, mawa adzafuna weniweni. Ukadzaona akutsanzira munthu wosuta, udzamugulira ndudu yabodza?" Funso limeneli linandikhala pamtima masiku angapo, chifukwa silopanda nzeru. Kale kunkagulitsidwa maswiti ooneka ngati ndudu, ndipo maiko angapo anawaletsa pa chifukwa chomwecho chimene amayi ankanena. Ndinawayankha kuti, "Amayi, fodya sindikufuna kuti adzamukhudze moyo wake wonse, koma khofi akadzakula adzamwa, ndipo sindidzadandaula. Chimene ndikukana ndi choti amwe pano." Sanakhutire kwenikweni. Anangoti, "Chabwino, ndi mwana wako." Koma tsiku lachitatu ndinawapeza akudzipangira okha kapu ya Caro madzulo, ati tiyi amawasowetsa tulo masiku ano.

Mmene ndikuonera ine, chimene amayi ankaopa chili ndi mbali yoona, koma si mtundu wa chakumwacho kapena dzina lake. Ndi shuga. Apa ndiye ndinapunthwa ndekha. Sabata yoyamba, pofuna kuti mwana achikonde, ndinkathira masupuni awiri a shuga monga ndimachitira ndi kapu yanga. Anachikondadi, moti anayamba kufuna kawiri patsiku, kenaka katatu. Mayi ake ndi amene anawerengera. Supuni yaing'ono ya shuga ndi magalamu pafupifupi 4. Masupuni awiri katatu patsiku ndi magalamu 24. Bungwe la madokotala a mtima ku America limalangiza kuti mwana wa zaka 2 kupita m'tsogolo asapitirire magalamu 25 a shuga wowonjezera patsiku, ndipo wosakwana zaka 2 asapatsidwe n'komwe. Bungwe la WHO nalo mu 2015 linati shuga wotere asafike pa 10 peresenti ya mphamvu zimene munthu amapeza m'zakudya patsiku, ndipo zingakhale bwino koposa atatsika pansi pa 5 peresenti. Ndiye ine, pothawa kafeini, ndinali nditamaliza gawo lonse la shuga la mwanayo ndi chakumwa chokha, asanadye bisiketi ngakhale imodzi. Ndipo mwana samwa kamodzi n'kumaliza. Amapsontha pang'onopang'ono kwa theka la ola, mano ali m'madzi a shuga nthawi yonseyo.

Kutsitsa kunali nkhondo ya masiku 10. Tinachoka pa masupuni awiri kufika pa imodzi, kenaka theka, kenaka kungogwedeza supuni yopanda kanthu m'kapu kuti amve kulira kwake. Musaseke, zinathandiza. Ndinazindikira kuti kulira kwa supuni pakapu kunali mbali ya zimene ankafuna. Pano amamwa wopanda shuga, kutsekemera kwa mkaka ndi chimera kumamukwanira. Ine ndatsika kufika pa supuni imodzi, chifukwa maso awiri aja amawerenga zimene ndikuthira. Ndikanayambiranso, sindikanathira shuga ngakhale tsiku loyamba. Mwana amene sanalawepo wotsekemera sadziwa kuti pali chimene chikusowa.

Chachiwiri chimene tinaphunzira ndi cha m'mimba. M'masiku a makapu atatu aja, mwana anayamba kudandaula kuti mimba yatupa, ndipo mpweya unkatuluka mosabisika, mchimwene wake n'kumasangalala nazo. Muzu wa chicory uli ndi inulin, mtundu wa zakudya zimene thupi siligaya, zimene zimakafika m'matumbo aakulu n'kudyedwa ndi tizilombo tabwino ta mmenemo. Pang'ono ndi zothandiza, koma zikachuluka zimapanga mpweya. Mwina mkaka wochulukawo unathandizirapo. Titabwerera pa kapu imodzi yaing'ono vutolo linatha lokha. Mlandu unali wanga, wa dzanja lolemera.

Pali ana ena amene sayenera kuchilawa n'komwe. Balere ndi rye zili ndi gluten, puloteni imene imapezekanso mu tirigu, ndiye mwana amene ali ndi matenda a coeliac, amene matumbo ake amawonongeka akadya tirigu, Caro si wake, ngakhalenso Inka kapena chilichonse chopangidwa ndi mbewu zimenezi. Kwa ameneyo ndi bwino chicory yekhayekha, kapena tiyi wa rooibos wa ku South Africa, amene mwachilengedwe alibe kafeini ndipo akathiridwa mkaka amaoneka ngati tiyi wa akuluakulu. Komanso chicory ndi wa banja limodzi ndi mpendadzuwa ndi letesi, choncho mwana amene thupi lake limadana ndi zomera za banja limenelo, mufunse kaye adokotala. Wakhanda ndi wosakwana chaka musayese n'komwe, ameneyo chakumwa chake chimadziwika.

Nkhani ina imene simudzaipeza pachitini chilichonse ndi ya acrylamide. Akatswiri a ku Sweden analengeza mu 2002 kuti zakudya zokhala ndi sitachi zikakazingidwa kapena kuwotchedwa pa moto waukulu zimapanga chinthu chimenechi, chimene chikuganiziridwa kuti chingathe kuyambitsa khansa. Chimapezeka mu tchipisi, mabisiketi, buledi wowotcha, khofi, ndiponso m'zakumwa zolowa m'malo mwa khofi. Kukazinga komwe kuja kumene kumabweretsa fungo lokoma ndi kumene kumachipanga. Malamulo a European Union a 2017 anaika miyezo yoti makampani aziyesetsa kusapitirira: mamaikulogalamu 400 (miligalamu imodzi ndi mamaikulogalamu 1,000) pa kilogalamu ya khofi wokazinga, 850 pa khofi wosungunuka, 500 pa zakumwa za mbewu zokha, ndi 4,000 pa za chicory yekha. Nambala yomalizayo inandidzidzimutsa, mpaka ndinakumbukira kuti tikunena za kilogalamu yathunthu ya ufa, pamene mwana amamwa magalamu awiri okha pakapu. Sindinataye chitini. Koma zinandithandiza kusiya maganizo akuti popeza mulibe kafeini ndiye angamwe mmene angafunire ngati madzi. Zinandichititsanso kukonda chosakaniza chokhala ndi mbewu zambiri kusiyana ndi chicory yekha, kwa mwana amene alibe vuto la gluten.

Musayembekezerenso kuti ndi chakudya. Ena amamva "balere" ndi "chimera" n'kuganiza kuti akupatsa mwana mphamvu. Supuni imodzi ya ufa ilibe kanthu kwenikweni. Chopatsa thanzi m'kapumo ndi mkaka. Ndipo kapu ya mkaka imadzaza kamimba ka mwana wa zaka 5, moti akamwa asanadye, chakudya cham'mawa amangochitosatosa. Tinasintha dongosolo: adye kaye, "khofi" pambuyo. Zinathandizanso kuti asamachedwe patebulo, chifukwa akudziwa chimene chikumudikira.

Za kasungidwe, ufawu umakoka chinyezi msanga kwambiri. Ndinasiya chitini chosatseka bwino pafupi ndi ketulo masiku atatu, ndipo ndinapeza pamwamba pauma gwa ngati mwala, ndinachita kuswa ndi mpeni. Supuni yonyowa musalowetsemo. Kuyambira pamenepo ndimakhuthulira m'botolo lagalasi lotseka mwamphamvu, kutali ndi nthunzi. Chitini chimodzi kwa mwana mmodzi chimakhala nthawi yaitali, chathu choyamba chinatha patapita miyezi iwiri ndi theka, ndipo chikanapitirira pamenepo akanapanda kuthandizidwa ndi agogo.

Ine ndinayesanso kumwa madzulo m'malo mwa kapu yanga yachitatu. Usiku woyamba ndinamva ngati ndanamizidwa, thupi linkadikira kukankhidwa kuja koma osabwera. Patapita sabata ndinayamba kugona msanga, ndipo kapu ya madzuloyo yakhala ya Caro mpaka pano. Ya m'mawa ndiye musaikhudze. Palibe mbewu yokazinga imene ingalowe m'malo mwake, ndipo amene angakuuzeni kuti simungasiyanitse ndiye kuti samwa khofi.

Kodi ndingalimbikitse kholo lina kugula? Inde, ngati mwana wanu wafika poti akukuberani kapu, ali ndi zaka zosachepera 3 kapena 4, alibe vuto la gluten, ndipo muli okonzeka kumupatsa kapu imodzi yaing'ono yopanda shuga. Ngati sanayambe wapempha, musamuyambitse, palibe chimene akusowa. Pa nyenyezi 5 ndingapereke 4, ndipo imodzi ndachotsayo ndi chifukwa chakuti ndi madzi okha sakoma kwenikweni, komanso si paliponse pamene mungamupeze mosavuta.

Mwezi watha ndinachokapo masiku 6 pa ntchito. Nditabwerera ndinayang'ana botolo lija n'kuona kuti ufa uli pomwe ndinausiya. Ndinafunsa mayi ake ngati anaiwala kumupangira. Anati anamufunsa m'mawa woyamba, iye anayang'ana mpando wanga n'kunena kuti safuna, ndipo masiku otsatirawo sanatchulenso. Ankangomwa mkaka wake woyera m'kapu yapulasitiki ija n'kupita kukasewera. Kutacha, ndisanatsegule n'komwe ketulo, ndinamva mpando ukukokedwa kumbuyo kwanga. Makapu awiri anali kale patebulo, ndi masupuni awiri, ndipo iye anali atapingasa miyendo akundiuza kuti ndisaiwale thovu.